Anyamata okwera mitengo ndi zingwe anabwera kwathu ku Chibavi

Abale amene muli ndi mitengo ikuluikulu pafupi ndi nyumba, makamaka kuno ku Mzuzu komwe mvula imachedwa kusiya nthaka n'kumangokhala yofewa, ndati ndikuuzeni za anyamata atatu amene anabwera kwathu ku Chibavi sabata yatha kudzasadza bulugamu wa kuseri. Mtengo umenewu anadzala ndi malemu bambo athu, wakula mopyola muyezo, nthambi ina inapendekera pamalata ina kumbali ya mawaya a ESCOM, ndiye mphepo ikamaomba usiku ine tulo ayi.

Chaka chatha tinaitanapo mnyamata wina wapafupi pompa, anayamba kukwera opanda nsapato chikwanje chili m'chiuno, chingwe chake chabuluu chija timamangira katundu pa lole. Ndinamutsitsa asanafike n'pakati pomwe, mtima sunandilole, mwana wa eni ake atagwa pakhomo panga makolo ake ndikanawauza chani.

Anyamata atatuwa ndiye ola lathunthu anathera pansi. Wamkulu wawo anayamba wazungulira mtengo, kugogoda thunthu ndi kuseri kwa nkhwangwa kuti amve ngati muli mphako, kuyang'ana chiswe ndi bowa kutsinde, kenako n'kutulutsa kachikwama kakang'ono kolemera, akuti magalamu 300, komangirira ku kachingwe kopyapyala. Anaponya kanayi. Kachitatu kanakola bwinobwino panthambi ine n'kumati basi zatheka, iye n'kukatsitsanso. Ndinafunsa kuti bwanji achimwene, anati "mayi, chingwe chimakhala pamphanda pafupi ndi thunthu, kunsongaku ndi komwe nthambi imathyokera." Katakola pomwe amafuna anakokera chingwe chachikulu m'mwamba, n'kudutsitsa pa kalamba kokhala ndi mphete ziwiri zachitsulo kuti chisamakhulane ndi khungwa, ndiye awiri anadzilendewetsa limodzi kudumphadumpha kuyesa ngati mphandayo ipirira. Apa mpomwe ndinakhulupirira kuti anthuwa ntchito akuidziwa.

Chingwecho asanachikweze anachidutsitsa m'manja kuchokera kunsonga mpaka kunsonga inzake kufufuza pomwe papelepeseka, ndipo sichitanuka ngati zija za mu hadiweya. Hanesi yake, malamba odzimangira pokwera, ya kampani ya Petzl ya ku France, yovala m'chiuno ndi m'ntchafu. Anandionetsa karabina, kangowe kachitsulo kolumikizira, pambali palembedwa 23 kN, kutanthauza kuti kamanyamula kupitirira matani awiri, komanso kuti katseguke mpaka ukankhe, upotoze, ndiye utsegule, sikangatseguke kokha ukakhula panthambi.

Koma chinandigwira mtima kwambiri ndi mfundo ina amaitchula Prusik, kachingwe kochepa kokulunga katatu pa chingwe chachikulu. Ukakakankha ndi dzanja kamatsetsereka, ukangokalemera ndi thupi kamaluma chingwe nganganga. Anandipatsa ndikoke ndekha pansi pompo, sikanasunthe olo pang'ono. Mwana wanga anayang'ana pa foni akuti anaitulukira ndi Karl Prusik wa ku Austria mu 1931, munthu wokwera mapiri. Kanthu kosalira ndalama zambiri koma kogwira moyo wa munthu eti.

Wokwera mtengoyo atafika m'mwamba sanayatse chainsaw mpaka atadzimanga kawiri, chingwe chachikulu chija ndi lamba wina wozunguliza thunthu, kuti china chitadulidwa mwangozi chinacho chimugwire. Nthambi sizimangoponyedwa ayi, zili ndi chingwe chawochawo chotsitsira pang'onopang'ono, lata olo limodzi silinapindike ndipo masamba anga a mpiru pansipo ali bwinobwino. Mnzake wapansi nayenso anavala hanesi nthawi yonse kuti wam'mwambayo akavulala akwere msanga kukamutsitsa.

Zondidandaulitsa zilipo. Tinapangana 7 koloko anafika cha m'ma 10 osaimba foni. Wachitatu uja wokoka nthambi analibe helemeti pomwe iyeyo ndi amene amaima pansi pa zinthu zogwa, ndinawauza mosabisa kuti izi sizoona, mawa lake anabwera nayo yobwereka. Zinyalala anasiya mulu pageti, ndiye mukamapangana mufunsiretu zimenezi. Ndalama nayo si yamasewera, pafupifupi katatu ya mnyamata wachikwanje uja, ndinanenerera anachotsako pang'ono chabe, komabe ndinalipira ndi mtima umodzi.

Cha m'ma 2 kunayamba kuwaza kamvula kathu kaja, anatsika nthawi yomweyo akuti bulugamu akanyowa amaterera ngati sopo, anadzamaliza m'mawa mwake osaonjezera ndalama. Nthambi ya kumawaya ija anakaniratu kuikhudza magetsi ali oyaka, anati ndikanene kaye ku ESCOM adzazimitse layini ndiye iwo adzabwerenso. Ndapitako lero m'mawa, ndikangouzidwa tsiku ndiwaimbira omwewa.