Google Scholar: imathandiza msanga, koma manambala ake amakokomeza

Google Scholar, njira ya pa intaneti yofufuzira zolemba za akatswiri, ndi yaulere, ndipo sichedwa kuonetsa zimene katswiri wa zachipatala wasindikiza. Lembani author:"H zur Hausen", muona mapepala a Harald zur Hausen, yemwe gulu lake linapeza mitundu iwiri ya kachilombo ka HPV, HPV16 mu 1983 ndi HPV18 mu 1984 m'khansa ya khomo la chiberekero.

Vuto lagona pa manambala. Imawerengera pamodzi ma thesis (zolemba za ophunzira a ku yunivesite), mapepala olowa kawiri, ngakhale pamene wolemba wadzitchula yekha, choncho h-index yake (nambala yoyeza mmene mapepala a katswiri amatchulidwira m'mapepala ena) kawirikawiri imaposa ya Scopus, nkhokwe ina ya zolemba za akatswiri. H-index ya 40 ikutanthauza mapepala 40, lililonse lotchulidwa kosachepera ka 40, koma sinena amene anatsogolera kafukufukuyo. Onani ngati dzina lili koyamba kapena komaliza pamndandanda wa olemba, pakuti otsogolera kafukufuku kawirikawiri amakhala pamenepo, ndipo mayina akafanana, katsimikizeni pa PubMed, nkhokwe ya mapepala a zachipatala.