Kukwera ndege ndi mapointi muli gulu: zimene zaoneka patapita miyezi

Akaunti ya banja yosonkhanitsira mapointi a ndege, amene makampani a ndege amapatsa makasitomala awo kuti adzagulire matikiti, imachitadi zimene amaitsatsira. Mapointi a bambo, a mayi ndi a ana amalowa m'thumba limodzi, ndipo tikiti imene munthu mmodzi sakanaikwanitsa imagulika. Mpaka pamenepo palibe chodandaulitsa. Koma patatha miyezi yambiri tikubukitsa maulendo a anthu oyenda limodzi, chaonekeratu n'chakuti mapointi si amene amavuta. Imavuta ndi mipando. Ndipo mavuto aakulu sabwera tsiku logula tikiti ayi, amadzatulukira patsogolo, kampani ikasintha nthawi yonyamukira ndege.

Tiyambe ndi thumbalo, poti makampani saliyendetsa mofanana. British Airways imalola anthu 7 mu akaunti imodzi. Aeroplan ya Air Canada ndi Skywards ya Emirates zimalola anthu 8. Flying Blue ya Air France ndi KLM imalolanso 8, koma akuluakulu asapitirire awiri. United, imene inayamba zimenezi mu 2024, imalola anthu 5 ndipo sifunsa ngati muli pachibale. Chiwerengerochi sichivutitsa anthu ambiri. Chimene chimawawa ndi kadulidwe ka mapointi. Ku British Airways ndi ku Aeroplan simungasankhe kuti tikiti iyi alipire ndi uje. Aliyense amadulidwa molingana ndi gawo lake m'thumbamo. Tiyerekeze kuti wina ali ndi mapointi 60,000, wina 30,000, wina 10,000. Tikiti ya 50,000 idula 30,000 kwa woyamba, 15,000 kwa wachiwiri ndi 5,000 kwa wachitatu, ngakhale wokwera ndegeyo akhale mmodzi yekha. Kwa makolo ndi ana aang'ono palibe nkhani. Kwa abale akuluakulu amene aliyense akusungira ulendo wake, pamakhala kung'ung'udza.

Palinso zingwe zina zimene munthu amazizindikira atalowa kale. Ku British Airways, mukakhala mu akaunti ya banja simungagulirenso tikiti aliyense amene mwafuna, koma mamembala okha ndi anthu osapitirira 5 amene mwawalemberatu pamndandanda wa abale ndi anzanu. Thumba la United pamene linkayamba linkagula matikiti a ndege za United zokha, osati za makampani anzake. Choncho musanalowe, dzifunseni ngati mukulifunadi thumbalo. M'mapulogalamu ambiri munthu mmodzi amene ali ndi mapointi okwanira angathe kugulira anzake matikiti popanda akaunti ya banja. Chosayenera kuchita n'kulipira ndalama kuti musamutse mapointi kuchokera kwa m'bale kupita kwa m'bale. Mtengo wake nthawi zambiri umadya phindu lonse.

Tsopano mipando. Ndege ya mipando 300 siika mipando 300 pa mtengo wotsika wa mapointi. M'makampani a Star Alliance, womwe ndi mgwirizano wa makampani a ndege, mipando imeneyi ili ndi zilembo zake: X ya economy, I ya business, O ya first. Ndi yokhayi imene mapulogalamu a makampani anzawo amatha kuiona ndi kuigulitsa. Mu business si zachilendo kupeza iwiri yokha, ndipo pa masiku a tchuthi cha sukulu kupeza palibiretu. Anthu awiri amadutsa. Anthu anayi amagwidwa pomwepo.

Makampani ambiri amatsegula matikiti pakati pa masiku 330 ndi 360 ulendo usanafike, ndipo kusiyana kwa masikuwa kuli ndi ntchito. British Airways imatsegula kutatsala masiku 355, ndipo pa maulendo ake ataliatali inalonjeza mipando yosachepera 8 mu economy, 2 mu premium economy ndi 4 mu business. American Airlines, imene ili nayo limodzi mu mgwirizano wa oneworld, imatsegula kutatsala masiku 331. Ndiye kuti amene ali ndi ma Avios, omwe ndi mapointi a British Airways, amakhala atasankha mipando imeneyi kwa masiku 24 mwini mapointi a American asanaione n'komwe. Mipando inayi ya business ija, pofika nthawiyo, imakhala itapita kalekale pa njira zotchuka. Mfundo ina imene imaiwalika: tsiku limene ulendo wopita watsegulidwa, wobwerera amakhala asanatsegulidwe. Mukadikira kuti mugule zonse pamodzi, mipando yopitira itha. Gulani wopita payekha, wobwerera mudzagule tsiku lake likakwana. Mwayi wachiwiri umabwera m'masabata awiri omaliza, pamene makampani ena amamasula mipando imene yalephera kugulidwa ndi ndalama. Mwayi umenewu ndi wa anthu awiri amene angathe kunyamuka tsiku lililonse. Banja lomangidwa ndi masiku a sukulu lisaudalire.

Kafufuzidwe nakonso kali ndi msampha wake. Mukalemba anthu 4 pa webusaiti, kompyuta imafuna mtengo umodzi wokwanira anthu onse anayi. Ngati pali mipando iwiri ya mapointi 30,000 ndipo yotsatira ili pa 55,000, ikuonetsani 55,000 kwa aliyense, pamodzi 220,000, osakuuzani kuti iwiri yotchipa ilipo. Mukagula awiri payekha, awiri payekha, mulipira 170,000. Pa makampani amene alibe mtengo wachiwiri, imangoti palibe mpando. N'chifukwa chake pofufuza muziyamba ndi munthu mmodzi, kenako awiri, kenako atatu, mpaka pamene mtengo wadumpha kapena ndege yasowa pamndandanda. Pamenepo mwadziwa chiwerengero chenicheni. Ulendo wolumikiza ndege ziwiri muufufuze chigawo chilichonse pachokha, koma musadabwe mukapeza kuti zigawo ziwirizo zikukana kulumikizana: makampani ena amamasula mpando pa ulendo wonse wathunthu, kapena pa chigawo chokha, osati zonse ziwiri.

Pamene anthu ambiri amapsa ndi posamutsa mapointi a kirediti kadi kupita ku kampani ya ndege. Mapointi akapita sabwerera. Komanso webusaiti imatha kuonetsa mipando imene kulibe, makamaka ya kampani ina yogwirizana nayo, chifukwa makompyuta awiriwo sanauzane kuti yagulidwa. Kwa munthu mmodzi n'zopweteka. Kwa gulu ndi mapointi a anthu anayi amene atsekeredwa ku pulogalamu imene simunkaifuna. Njira imene yakhala ikutiteteza ndi iyi: mpando uoneke pa mawebusaiti a mapulogalamu awiri osiyana a mgwirizano womwewo, pa chiwerengero chonse cha anthu anu, pitirirani ndi booking mpaka pa tsamba lolipirira, ngati mukukayikabe, imbani foni wogwira ntchito autsimikize, ndipo mufunse ngati angakusungireni kwa kanthawi. Mukatero ndiye musamutse. Dziwiranitu kuti kusamutsa kwina kumatheka nthawi yomweyo pomwe kwina kumatenga masiku, ndiponso kuti mabanki ambiri amafuna dzina la pa kadi lifanane ndi la pa akaunti ya ndege.

Mipando ikapanda kukwana, gulu limagawidwa, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yonse. Kugawa kumapulumutsa mapointi, koma walira mvula walira matope. Booking iliyonse ili ndi nambala yake ya zilembo 6, ndipo kwa kompyuta ya kampani, anthu a manambala osiyana sadziwana. Ndege ikalephereka, kompyuta imasamutsira booking iliyonse ku ndege ina payokhapayokha. Mayi ndi mwana mmodzi angaikidwe pa ndege ya madzulo omwewo, bambo ndi mwana wina pa ya mawa, yodzera mzinda wina. Mungathe kuimba foni kuti alembe kuti ma booking awiriwa ndi a anthu oyenda limodzi, ndipo muzichita zimenezo, koma mudziwe kuti ndi mawu chabe olembedwa kuti munthu awerenge. Kompyuta yosamutsa anthu siwawerenga. Amathandiza pokhapokha mukafika kwa wogwira ntchito pa kauntala.

Pogawa, booking iliyonse imene muli mwana mukhalenso wamkulu. Mwana akakhala yekha papepala, kampani imamuona ngati mwana woyenda wopanda womuperekeza, ndipo webusaiti imakana kugulitsa tikitiyo kapena imafuna malipiro ndi mafomu ena, ngakhale makolo ake ali pa ndege yomweyo. Mipando yokhalapo musankhe msanga pa booking zonse ziwiri, chifukwa palibe amene adzakuikeni pafupi mwa iye yekha. Ngati mmodzi wa inu ali ndi udindo wapamwamba m'pulogalamu, umene umapatsidwa kwa okwera ndege pafupipafupi, zokoma zake monga kusankha mpando mwaulere nthawi zambiri zimafikira okhawo amene ali naye pa booking imodzi.

Ngati ena akwera ndi mapointi ena ndi ndalama, tikiti ya ndalama ipite kwa amene akufunika kwambiri kuwonjezera mapointi kapena kusunga udindo wake, poti tikiti ya mapointi kawirikawiri siibereka mapointi ena. Yambani kugula ya mapointi, yomwe ndi yosowa, ndipo ya ndalama ikhale itatsegulidwa kale pa tsamba lina kuti muimalize nthawi yomweyo. Koma yang'anani malamulo ake: tikiti ya mapointi imabwezeka, pomwe ya ndalama yotchipitsitsa sibwezeka. Ulendo ukalephereka, theka la gulu libwezeredwa, theka litaya. Pa maulendo opita kapena ochokera ku United States, lamulo la kumeneko limapereka maola 24 oti musinthe maganizo osalipira kanthu, ngati mwagula kukampani mwachindunji kutatsala masiku 7 kapena kuposerapo.

Khanda losakwana zaka 2 lokhala pamiyendo silifuna mpando wa mapointi, koma silikwera ulere pa maulendo a kunja. British Airways imadula magawo 10 pa 100 a ma Avios a wamkulu ndi gawo lomwelo la misonkho. Aeroplan imadula mapointi 2,500 pa ulendo umodzi. Mapulogalamu ena amafuna magawo 10 pa 100 a mtengo wa ndalama wa tikitiyo, ndipo mu business imeneyo si ndalama yochepa. Funsani musanasankhe pulogalamu yogulira. Mwana akakwanitsa zaka 2 muli ku ulendo, pobwerera afunika mpando wake, ndiye muwerengereni pa mipando imene mukufufuza. Flying Blue imachotsera ana a zaka 2 mpaka 11 magawo 25 pa 100 a mapointi akamayenda ndi wamkulu, chinthu chimene pa ana atatu chimaoneka ndithu.

Ndalama zowonjezera zimachulukitsidwa ndi mitu ya anthu. Pa tsamba lolipirira tsegulani tsatanetsatane wa misonkho, mufufuze mzere wolembedwa YQ. Umenewo si msonkho wa boma, ndi ndalama ya kampani yomwe. British Airways, Emirates ndi Miles & More ya Lufthansa zimailipiritsa. United siilipiritsa, ndipo Aeroplan inasiya mu November 2020, ngakhale imadula kandalama pa tikiti iliyonse ya kampani ina. Mpando womwewo wa Lufthansa, wogulidwa ndi mapointi a United, umatuluka ndi ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi wogulidwa ndi mapointi a Lufthansa yomwe. Ponyamukira ku United Kingdom pali msonkho wa boma umene ana osakwana zaka 16 salipira mu economy, koma mu business amalipira wonse.

Mukagula miyezi 11 ulendo usanafike, yembekezerani kuti nthawi ya ndege isintha. Apa yang'anani nambala ya tikiti, ya manambala 13. Atatu oyambirira amanena kampani imene inatulutsa tikitiyo: 125 ndi British Airways, 014 Air Canada, 016 United, 071 Ethiopian Airlines. Tsiku la ulendo lisanafike, wokonza vuto ndi mwini manambala atatuwo, osati mwini ndege. Koma iye amangoona mipando ya mapointi ija, ndipo kupeza inayi pa ndege ina kutatsala mwezi umodzi n'kovuta. Mawu oyenera kunena pa foni ndi oti apemphe kampani ya ndegeyo itsegule mipando chifukwa kusinthako kwachokera kwa iyo, kapena kampani yogulitsa tikitiyo ikuikeni pa ndege zake. Musavomereze kusinthako pa intaneti pa booking imodzi musanaone chimene chachitikira inzake, chifukwa mukangodina kuvomera, mwayi wosintha mwaulere umatha. Kamodzi pamwezi lowani pa webusaiti ya kampani imene mudzakwere, ndi nambala yake ya booking, yomwe nthawi zambiri imasiyana ndi ya kampani yogulitsa, muone ngati aliyense ali ndi nambala ya tikiti ndi mpando wake. Imelo yochenjeza siifika nthawi zonse. Pa tsiku la ulendo mwini ndege ndiye amakonza, ndipo pa ndege zonyamukira m'mayiko a European Union, lamulo la 261 la 2004 limateteza tikiti ya mapointi mofanana ndi ya ndalama: chipukutamisozi cha mayuro 250, 400 kapena 600 kwa munthu aliyense malinga ndi kutalika kwa ulendo, ndege ikachedwa kwambiri kapena ikalephereka, ngati vuto lachokera kukampani.

Munthu mmodzi akasiya ulendo, musathamangire batani lothetsa pa webusaiti, chifukwa pa mawebusaiti ambiri limathetsa booking yonse, ndipo mipando yobwezedwa sikuti imabwereranso pa mapointi. Imbani foni amuchotse kaye, apatsidwe nambala yakeyake, kenako athetse yakeyo. American ndi United sizilipiritsa pobweza mapointi, pomwe British Airways imalipiritsa munthu aliyense ndipo imafuna muthetse kutatsala maola osachepera 24. Dzina la pa tikiti silisinthidwa kuti m'malo mwake mupite wina. Wolowa m'malo afunika mpando watsopano, wofufuzidwa kuyambira pachiyambi.