Sleepio sinandichotsere thukuta la usiku, koma tulo tinabwerera

Ndiyambe ndi zimene Sleepio, pulogalamu yothandiza anthu osowa tulo, singachite, kuti wina asadzanene kuti ndinamunamiza. Siletsa kutentha thupi kuja kumatigwira ife amayi amene tafika posiya kusamba. Thukuta la pakati pa usiku likundichokabe, malaya ogonera ndikusinthabe, ndipo zenera ndimatsegulabe ngakhale kunja kuli chisanu cha ku Glasgow kuno, bambo a kunyumba atadzikulunga m'bulangeti mpaka kumutu. Pamene pulogalamuyi inandigwira mkono ndi pa zimene zimachitika thukuta likauma. Kale ndikadzidzimuka cha m'ma 2 koloko, usiku unali utathera pomwepo. Ndinkangotembenuka, kuyang'ana wotchi, kuwerengera maola otsala, mpaka alamu kulira ndili maso gwa. Kenako ndizipita kukasambitsa ndi kudyetsa agogo kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito, mutu uli zii.

Sleepio ndi pulogalamu ya pafoni kapena pakompyuta, ya kampani ya Big Health. Mmodzi mwa amene anaiyambitsa ndi Colin Espie, pulofesa wa za tulo ku Oxford, amene kale anali pa University of Glasgow konkuno. Mulibe mapiritsi, mulibe chovala kumutu kapena pamkono. Imaphunzitsa njira imene madokotala amaitcha CBT-I, yosintha zizolowezi ndi maganizo amene amamuchititsa munthu kuchezera usiku. Kuyambira 2021 munthu wamkulu aliyense wokhala ku Scotland amaipeza ulere kudzera ku NHS, nthambi ya boma yopereka chithandizo cha zaumoyo, ndipo sipafunika kalata ya GP, dokotala wa kudera kwanu, umadzilembetsa wekha. Mu 2022 bungwe la NICE, lomwe limaunika mankhwala ndi njira zochizira ku England, linavomereza kuti madokotala aziipereka m'malo mothamangira mapiritsi ogonetsa monga zopiclone ndi zolpidem.

Maphunziro ake ndi a milungu isanu ndi umodzi, phunziro limodzi pa mlungu la mphindi ngati 20. Ntchito yeniyeni ili m'mawa uliwonse: umalemba nthawi imene unalowa m'bedi, nthawi imene ukuganiza kuti tulo tinabwera, unadzuka kangati, unakhala maso nthawi yaitali bwanji. Za koyambirira sizinandidabwitse. Chipinda chikhale chozizira ndi chamdima, mowa usamwe pofuna kugona, tiyi ndi khofi zithere masana. Apa pokha panandipweteka pang'ono, chifukwa Chombe amene abale amandibweretsera kuchokera kumudzi ndinkamusungira madzulo, nditavula nsapato. Panopa ndimamumwa m'mawa, madzulo ndi rooibos.

Zimene zinandidzutsa m'maganizo ndi masamu. Pulogalamuyi imatenga zimene walemba zija n'kukuwerengera kuti pa nthawi yonse imene unali m'bedi, unagonadi gawo lanji. Ine ndinkalowa m'bedi 10 koloko n'kudzuka 6 koloko, maola 8, koma ogona enieni anali ngati 5. Ndiye kuti pafupifupi maola atatu usiku uliwonse ndinkakhala pabedi ndikulimbana ndi maganizo. Ndipo chifukwa chotopa ndinali nditayamba kulowa m'chipinda mofulumira kwambiri, Loweruka n'kumagonereza mpaka dzuwa litakwera, poganiza kuti ndikubweza ngongole ya tulo. Malinga ndi njira imeneyi, kuchita zimenezo n'kumene kumakulitsa vuto: thupi limazolowera kuti bedi ndi malo okhalirapo maso n'kumadandaula.

Ndiye amakuuza chinthu chimene poyamba chimamveka ngati chipongwe kwa munthu wosowa tulo: chepetsa nthawi yokhala m'bedi kuti ifanane ndi maola amene umagonadi. Nthawi yodzuka imakhala imodzi tsiku lililonse, Lamlungu lomwe. Kwa ine zinatanthauza kuti ndisayandikire bedi mpaka 12 koloko ya usiku itadutsa. Amayi anzanga, pamenepa ndi pamene ambiri angasiyire, ndipo sindingawadzudzule. Cha m'ma 10 koloko ndinkayamba kusinza pampando, mutu kugwa n'kudzidzimuka, ndiye ndinkaimirira n'kumasita zovala kapena kusankha nyemba kuti nthawi ikwane. Masana kuntchito ndinkayasamula mpaka agogo ena kundifunsa ngati kunyumba kuli khanda. Koma ndikafika pabedi tulo tinkangondigwetsa, ndipo thukuta likandidzutsa, ndikasintha malaya ndinkapezeka ndagonanso. Zili ngati mwana wokana nsima chifukwa wakhala akutolatola tsiku lonse: ukamuletsa zotolatolazo, madzulo amadya yekha osamukakamiza. Gawo logona lija likafika cha m'ma 90 peresenti, amakulola kuwonjezera mphindi 15, kenako zinanso, pang'onopang'ono. Pano ndimalowa m'bedi 11 koloko.

Pali lamulo lina loti ukakhala maso kwa mphindi ngati 15, dzuka, pita chipinda china, ukabwerere tulo tikayambanso kukukoka. M'chilimwe n'zosavuta. Mu Januwale, hita itazima, pansi pakuzizira ngati, umafunika kulimba mtima. Ndinaika chitenje chokhuthala, masokosi ndi kabuku ka nyimbo pampando wa pabalaza kuti ndisamafunefune mumdima. Foni ndiye ndinaichotseratu kuchipinda. Izi anzanga ochokera kwathu muzimvetsa: kuno ikakhala nthawi yachisanu, ku Malawi amakhala patsogolo ndi maola awiri, ndiye 3 koloko ya kuno ndi 5 koloko ya kumudzi, anthu adzuka kale, ndipo pagulu la banja la WhatsApp mauthenga ayamba kugwa. Uyu wadwala, kwakuti kwagwa zovuta tisonkhe, fizi ya mwana wa achimwene, feteleza wakwera. Ukangowerenga umodzi wokha, tulo tathawa mpaka kucha. Mauthengawo sapita kulikonse, 6 koloko ndimawapeza ali pomwepo.

Pa za nkhawa, chimene chinandigwirira ntchito ndi chophweka mochititsa manyazi. Madzulo, usanayambe n'komwe kuganiza zogona, umakhala pansi ndi pepala n'kulemba zimene zachitika tsikulo, zimene zatsala, ndi chimene udzachite mawa pa chilichonse. Maganizo aja akabwera usiku umawauza kuti takambirana kale. Palinso kulimbitsa ndi kumasula minofu kuyambira kumapazi kukwera m'mwamba, komwe kumandithandiza mtima ukamathamanga kutentha kuja kutangodutsa. Ina imene amaphunzitsa, yoti ugone chagada maso ali otsegula n'kumayesa kukhala maso m'malo mokakamiza tulo, kwa ine sinaphule kanthu, ndinkangoyamba kuwerenga ming'alu ya kudenga. Kampani yomweyi ili ndi pulogalamu inanso ya nkhawa, Daylight, imenenso ndi yaulere ku Scotland.

Sleepio sinapangidwire amayi osiya kusamba okha, ndi ya aliyense wosowa tulo, choncho musayembekezere kuti ikufotokozerani za mahomoni. Komabe njira ya CBT-I inayesedwapo pa amayi a msinkhu wathu. Kafukufuku wina wa ku Seattle ku America, amene anasindikizidwa mu JAMA Internal Medicine mu 2016, anapereka njirayi kudzera pa telefoni kwa amayi amene ankasowa tulo komanso kutentha thupi. Tulo tawo tinasintha kwambiri, pamene kutentha thupi kunkabwerabe kangapo monga kale, kungoti sikunkawasokonezanso ngati poyamba. Nditamva zimenezi ndinati eya, ndi zomwe ndikuona ine. Mu 2024 NICE inaikanso CBT, njira ya mtundu womwewu, m'malangizo ake a za kusiya kusamba, ngati chinthu chimene mayi angachite pamodzi ndi HRT, mankhwala obwezeretsa mahomoni m'thupi, kapena ngati sangamwe kapena sakufuna HRT. Nkhani ya HRT njokambirana ndi dokotala wanu, pulogalamu ya pafoni siingalowe m'malo mwake.

Ena mwaonapo malamba ovala kumutu amene akutsatsidwa kuti amaphunzitsa ubongo kudekha. Mnzanga wa kuntchito ali ndi la Muse, lopangidwa ndi kampani ya InteraXon ya ku Toronto. Limamva mphamvu za magetsi za muubongo kudzera pachipumi ndi kuseri kwa makutu, ndiye maganizo akamayendayenda umamva chimphepo ndi mvula m'makutu, ukadekha kunja kumachita bata, mbalame n'kuyamba kulira. Iye amalikonda ndipo akuti limamukhazika mtima pansi akaweruka. Koma mtengo wake ndi mapaundi mazana angapo, ndipo pa vuto la kusowa tulo umboni wochuluka uli ku CBT-I. Ine ndalama imeneyo ndili ndi kochita nayo kwambiri. Ndingati yambani ndi chaulerechi, lamba mudzaliganizire pambuyo ngati mukulifunabe.

Si onse amene ingawayanje. Ambiri a ife kuno timagwira mashifiti a usiku, ndipo njira yofuna kuti uzidzuka nthawi imodzi tsiku lililonse siyenda bwino ndi ndandanda yosinthasintha. Ine zinatheka chifukwa ndili pa shifiti ya masana yokhayokha. Amene ali ndi khunyu kapena matenda a bipolar, komanso amene amayendetsa galimoto mtunda wautali, asayambe zochepetsa nthawi ya m'bedi asanaonane ndi dokotala. Ngati amuna anu amakuuzani kuti mumaliza mkonono kwambiri n'kumabanika kutulo, limenelo lingakhale vuto lina, lofunika kupimidwa kuchipatala. Zonse m'pulogalamuyi zili m'Chingerezi, ndipo ulere uja ndi wa okhala ku Scotland. Ku England zimatengera dera limene mukukhala, ndiye funsani ku GP kwanu.

Achemwali anga ku Zomba, amene ali pa msinkhu womwewu, sangathe kulembetsa. Ndinawafotokozera pafoni mmene angalembere nthawi zawo m'kope la mwana wasukulu, ndi kuti azidzuka nthawi imodzi ngakhale usiku utayenda moipa. Za kudikira mpaka 12 koloko anakaniratu, akuti magetsi akazima 7 koloko munthu ungakhale mumdima maola onsewo ukudikira chiyani. Tinagwirizana kuti ayambe ndi kopelo komanso kusiya foni pabalaza.