Tacoma kapena F-150: chimene ndinasankhira pikapu yaikulu

Amalawi ambiri amene tili kuno ku Indiana tikafuna pikapu, maso amathamangira pa Toyota. N'zomveka, pakuti tinakula tikuona Hilux ikuboola matope a kumudzi itasenza matumba a chimanga, anthu ali pamwamba. Ku America Hilux sagulitsa. M'malo mwake muli Tacoma, imene inayamba kupangidwa mu 1995 ndipo msinkhu wake ndi womwewo. Kuno imawerengedwa m'gulu la mapikapu apakatikati, limodzi ndi Ford Ranger, Chevrolet Colorado ndi Nissan Frontier. Pamwamba pa amenewa pali akuluakulu: Ford F-150, Chevrolet Silverado, Ram 1500 ndi Toyota Tundra. Ine ndinkasankha pakati pa Tacoma ya injini ya V6 ndi F-150 ya injini ya 2.7 EcoBoost, zonse za 2021, zoyendapo kale, za zitseko zinayi komanso zokoka matayala onse. Ndinatenga F-150, ndipo ndikufuna kufotokoza chifukwa chake, chifukwa funso limeneli limandipeza pafupifupi pa chinkhoswe chilichonse.

Ntchito yanga ndi yokonza nyumba za anthu cha ku South Bend, Mishawaka ndi Elkhart: kukhoma drywall (mabolodi opangira makoma a m'kati mwa nyumba), kupenta, kusintha zitseko ndi mawindo. Nyengo yotentha ikafika ndimawonjezera kutchetcha kapinga, ndiye ndimakoka ngolo yokhala ndi makina otchetchera. Nthawi zambiri ndimayenda ndi anyamata awiri. Tacoma ndimaidziwa bwino chifukwa alamu anga ali nayo, ndipo ndisanagule yanga ndinkaibwereka ntchito ikakula.

Ndiyambe ndi mafuta, pakuti apa ndi pamene anthu ambiri amamangira maganizo awo. Aliyense amaganiza kuti yaing'ono imamwa pang'ono. Pa magalimoto awiriwa sizili choncho. Bungwe la boma la EPA linaika Tacoma imeneyi pa mamailosi 20 pa galoni, F-150 pa mamailosi 21, kutanthauza makilomita pafupifupi 8.5 ndi 9 pa lita imodzi. Chimene chimachititsa ndi kapangidwe. Kuyambira 2015 bodi ya F-150 ndi ya aluminiyamu, choncho si yolemera monga imaonekera. Injini yake ndi yaing'ono, malita 2.7, koma ili ndi ma turbo awiri ndi magiya 10, pamene Tacoma ya chaka chimenecho ili ndi injini ya malita 3.5 yopanda turbo ndi magiya 6. Pa Toll Road popita ku Chicago, F-150 imangonong'ona ili m'giya yomaliza. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti mukamangirira ngolo yolemera ma turbo aja amayamba ntchito ndithu ndipo petulo amatsika msanga. Thanki yanga ndi ija yaikulu ya magaloni 36, malita 136, ndiye tsiku lodzaza thumba limamva. Koma kusiyana kwa mafuta pa mtunda wofanana n'kochepa kwambiri moti sikungakhale chifukwa chosankhira.

Chimene chinandisankhitsa ine ndi kasitika kachikasu. Mukatsekula chitseko cha dalaivala, pa mphuthu yake pamakhala kapepala komata kofotokoza mpweya wa matayala, ndipo pamwamba pake pamalembedwa kulemera konse kumene galimoto imeneyo ikuloledwa kunyamula. Nambala imeneyi ndi ya galimoto imeneyoyo, osati ija ya pa malonda, chifukwa chilichonse chowonjezera chimene anaikamo ku fakitale chimadya gawo lake. Pa Tacoma ya alamu anga nambalayo ili cha m'ma kilogalamu 450. Pa F-150 yanga ikupitirira 700. Ndipo kulemerako sikuwerengera katundu wa kumbuyo yekha. Muli inu mwini, okwera onse, bokosi la zipangizo, makwerero, komanso mphamvu imene ngolo imakanikiza pa chokolera, imene imayenera kukhala pakati pa 10 ndi 15 peresenti ya kulemera kwa ngoloyo.

Tawerengani nane. Amuna atatu akuluakulu ndi makilogalamu ngati 250. Ngolo ya matani awiri ikukanikiza 200 kapena 300. Pa Tacoma mwamaliza kale, musanaike ndowa imodzi ya penti. Pa pepala Tacoma ya mtundu umenewu imakoka pafupifupi matani atatu, ndipo injini imakwanitsadi, koma malire a kunyamula ndi amene amayamba kukwana. Mumaona kumbuyo kwakhala pansi, mphuno yaloza kumwamba, chiwongolero chapepuka m'manja. Kwathu tinazolowera kuona pikapu itakhala chonchi n'kumati ndi yolimba. Kuno mumayenda pa liwiro la makilomita oposa 100 pa ola pakati pa mathiraki, miyezi ina pa msewu woterera ndi chipale, ndipo galimoto yolemedwa imachedwa kuima. Pa chifukwa chimenechi, aliyense wondifunsa ndimamuuza kuti asanafunse mtengo atsekule chitseko, ajambule kasitika kaja pa foni, akakhale pansi kunyumba n'kuwerenga katundu amene amanyamula pa tsiku lotangwanika.

Chachiwiri ndi bodi ya kumbuyo. Drywall ndi plywood kawirikawiri zimabwera mu saizi ya masentimita 122 m'lifupi ndi 244 m'litali. Pakati pa zotupa ziwiri za matayala mu bodi ya F-150 pali mpata wa masentimita 128, ndiye bolodi limagona pansi mosalala, mumangotsitsa chitseko cha kumbuyo n'kumanga ndi malamba. Mu Tacoma ya zaka zimenezo mpatawo ndi masentimita 105 okha. Bolodi limayenera kukwera pamwamba pa zotupazo, mutayala matabwa opingasa kuti lisapindike. Plywood imapirira zimenezi, koma drywall ndi choko chokutidwa ndi pepala, ikapanda kugona bwino imathetheka m'makona musanafike kwa kasitomala. Kwa munthu wonyamula mabolodi kamodzi pa chaka nkhaniyi ndi yaing'ono. Kwa ine amene ndimapita ku Menards, sitolo ya zipangizo zomangira, m'mawa wa masiku ambiri ndi yaikulu. Apa ndiyamikire Ford Ranger yatsopano, ya 2024 kupita m'tsogolo, chifukwa anaikulitsa moti bolodi limagona pakati pa matayala ngakhale ili ya gulu lapakatikati.

Mpando wa kumbuyo nawo sufuna kukambirana. Mu F-150 ya SuperCrew, ya zitseko zinayi ngati yangayi, malo a miyendo ndi masentimita 110, mu Tacoma ndi 83. Mnyamata wamtali wovala majombo ndi jekete la nyengo yozizira amakhala bwino mu F-150 ulendo wonse. Pansi pake ndi posalala, mipando imapindikira m'mwamba, ndiye usiku macheka amagetsi ndi makina opopera penti ndimalowetsa m'kati n'kukhoma. Tikapita kukatenga alendo ku bwalo la ndege la O'Hare ku Chicago, amayi achikulire amene akhala m'ndege tsiku lathunthu amatambasula miyendo, masutikesi awo onse ali kumbuyo.

Tsopano zovuta zake, ndipo si zazing'ono. F-150 yanga ndi yaitali mamita 5.9 ndipo m'lifupi imapitirira pang'ono mamita awiri osawerengera magalasi. Tacoma ndi mamita 5.4 ndi 1.9. Theka la mita limaoneka laling'ono polemba, koma magalaja ambiri a nyumba zakale za ku South Bend ndi ozama mamita ngati 6, ndiye yanga imagona panja chaka chonse. Amene akudziwa chipale chimene chimabwera kuchokera ku nyanja ya Michigan akudziwa tanthauzo lake: Januwale m'mawa mumayamba kupala galasi lalitali loti simulifikira pakati popanda chopalira cha mpini wautali. Pa malo oimika magalimoto pa sitolo ndimapita kumapeto kumene kulibe anthu. Ku Chicago, nyumba zambiri zoimikamo magalimoto zili ndi denga lotsika, ndipo ndikaika chonyamulira makwerero sindiyesa n'komwe kulowa. Mayi a kunyumba amayendetsa Tacoma ya achimwene awo mosavuta, koma yangayi amaikana, ndipo ndimawamvetsa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonse ndi boneti. Ndi yaitali moti mwana wamng'ono ataima pafupi kutsogolo simumuona muli pa mpando. Mu 2023 bungwe la IIHS, limene limafufuza za ngozi za pamsewu, linapeza kuti magalimoto a boneti yopitirira mainchesi 40, pafupifupi mita imodzi, akagunda munthu woyenda pansi mpata woti amwalire umakwera ndi 45 peresenti poyerekeza ndi magalimoto a mphuno yotsika ndi yopendekeka. Mapikapu a masiku ano, ngakhale apakatikati, ndi aatali kutsogolo, koma akuluakulu ndi amene amabisa malo ambiri. Ine ndimagwira ntchito m'makomo mwa anthu, kumene ana amasewera pa khomo penipeni. Ndisanalize injini ndimazungulira galimoto ndi miyendo, ndipo anyamata anga ndinawauza kuti azichita chimodzimodzi. Ngati mukugula yaikulu, funani yokhala ndi kamera ya kutsogolo. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi chimene imateteza.

Za dzimbiri, nyengo yozizira misewu ya kuno amaithira mchere, ndipo mchere umadya chitsulo. Bodi ya aluminiyamu sichita dzimbiri lofiira lija, ndiye zitseko ndi m'mphepete mwa matayala mumakhalabe moyera. Koma chasisi ya pansi ndi yachitsulo pa magalimoto onse awiri, choncho pogula yoyendapo kale gonani pansi ndi tochi, mugogode ndi kanyundo, ndipo chipale chikatha muzitsukitsa kunsi. Aluminiyamu ikaphwanyika si galaja iliyonse imene imawongola, ndipo mtengo umakwererako. Kanthu kena kakang'ono kwa anzanga a bizinesi: chikwangwani cha maginito sichimata pa chitseko cha F-150, chimangogwa, ndiye dzina la ntchito yanu muyenera kumatitsa la sitika. Tacoma nayo ili ndi nzeru yake, bodi yake ya kumbuyo ndi ya pulasitiki yolimba yosachita dzimbiri, ngakhale katundu amatereramo mukapanda kuyala mphasa ya labala.

Mtengo unandithandiza kusankha. Tacoma imadziwika kuti sigwa mtengo, chimene chili chabwino kwa wogulitsa koma chowawa kwa wogula yoyendapo kale. Pamene ndinkafufuza, Tacoma ndi F-150 za chaka chimodzi ndi mtunda wofanana zinali pafupi kwambiri pa mtengo. F-150 ndi yochuluka pamsika, pakuti mapikapu a Ford a mtundu wa F akhala akugulidwa kuposa ena onse ku America kuyambira 1977, ndiye mumasankha pakati pa zambiri ndipo masipeya ali m'sitolo iliyonse. Matayala ake ndi mabuleki ndi okwererako, zimenezo muziike mu bajeti, ndipo inshuwalansi funsani ya zonse ziwiri musanasaine kalikonse. Komabe ndikudziwa kuti tsiku logulitsa, alamu anga adzabweza gawo lalikulu la ndalama zawo kuposa ine.

Alamu angawo Tacoma ndi yowayenera. Amagwira ntchito ku chipatala, ngolo sakoka, ndipo pikapu amaifunira kunyamula mipando, feteleza wa kudimba, njinga za ana ndi kupita kukawedza ku Michigan. Imalowa m'galaja mwawo, imakhota m'tinjira topapatiza, ndipo siwavutitsa. Munthu wa moyo ngati wawo akagula F-150 akhala akulimbana ndi kuimika tsiku lililonse chifukwa cha mphamvu imene adzaigwiritse ntchito mwa apo ndi apo. Ngati ngolo yanu ndi yaing'ono, ya tani imodzi kapena kucheperapo, ndipo mumayenda nokha kapena awiri, yapakatikati ikukwanirani. Ngati mukufuna yapakatikati yokoka kwambiri, Ranger imafika mapaundi 7,500, amene ndi matani 3.4, ndipo Colorado imapitirira pang'ono, koma nazonso yang'anani kasitika kaja.

Ena amafunsa ali ndi maganizo odzatumiza galimotoyo kumudzi ikatha ntchito kuno. Pa zimenezo sindilangiza iliyonse mwa ziwirizi. Zonse chiwongolero chili kumanzere pamene kwathu timayenda kumanzere kwa msewu, ndiye popitirira lole pa M1 simuona kutsogolo. Zonse ndi za petulo, pamene mapikapu a kwathu ambiri ndi a dizilo, ndipo makaniko wa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu sipeya ya EcoBoost adzachita kuitanitsa kunja. Ya kumudzi gulani Hilux yopangidwa ku Durban kapena Ranger ya ku Pretoria, zimene amakaniko athu amazidziwa ndipo masipeya ake amapezeka.