Laravel Modules: imakonza mafoda bwino, koma malire muziika nokha

Pulogalamu ya Laravel (framework ya PHP), monga ya sukulu, ikakula, foda ya app imadzaza ngati minibasi ya madzulo: ma controller a fizi, a mayeso ndi a ophunzira onse pamalo amodzi. Phukusi la nwidart/laravel-modules, lomwe anayambitsa Nicolas Widart, limagawa khodi m'zigawo zotchedwa ma module, chilichonse pachokha. Ndi laulere, laisensi yake ndi ya MIT.

Kuliika sikuvuta. Lembani composer require nwidart/laravel-modules, tulutsani fayilo ya config ndi vendor:publish, kenako php artisan module:make Fizi. Mupeza foda ya Modules/Fizi ili ndi ma route, ma view, ma migration, service provider, module.json ndi composer.json yakeyake. Tsamba mumaliitana ndi view('fizi::index'). Apa phukusili silikhumudwitsa, ndipo watsopano pa timu sasochera pofufuza pomwe pali khodi ya malipiro.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa autoload, njira yomwe Composer (chida choikira maphukusi a PHP) amapezera ma class anu. Kale munkangowonjezera Modules mu psr-4 ya composer.json yaikulu. Kuyambira version 11 ntchitoyi imagwiridwa ndi wikimedia/composer-merge-plugin, ndiye muyenera kuiloleza mu allow-plugins ndi kulemba Modules/*/composer.json pansi pa merge-plugin. Mukaiwala, Laravel imadandaula kuti FiziServiceProvider sakupezeka. Konzani, kenako composer dump-autoload. Maphunziro ambiri a pa intaneti amaonetsabe njira yakale ija, choncho yambani mwaona version yomwe muli nayo.

Kafayilo ka modules_statuses.json nakonso nkosamala nako. Ndi komwe kamasunga kuti module iti ndi yoyatsa, iti ndi yozimitsa. Kakapanda kulowa mu Git, pa seva ma module onse amatengedwa ngati ozimitsa, masamba nkumabweza 404 (tsamba silikupezeka) pomwe pa kompyuta yanu zonse zikuyenda.

Chotidandaulitsa kwambiri nchakuti phukusili silitchinga module ina kulowerera mu inzake. Khodi ya Mayeso itha kuitana model ya Fizi mwachindunji popanda chenjezo lililonse. Tsono module:disable Fizi imangochotsa ma route ndi provider. Ma class akadalipo, matebulo akadali mu database, koma chilichonse chomwe provider uja ankalembetsa chasowa, ndipo Mayeso amagwa pamalo pomwe simumayembekezera. Ma foreign key olumikiza matebulo a ma module awiri amabweretsanso mutu, chifukwa tebulo lolozedwalo liyenera kupangidwa kaye. Nambala ya priority mu module.json imathandiza pa dongosolo, koma siichotsa kudalirana kwenikweniko.

Mankhwala ake ali m'manja mwanu. Ma module azilankhulana kudzera mu ma event kapena ma interface: Fizi alengeze kuti wophunzira walipira, Mayeso amvetsere ndi kutsegula zotsatira. Zogwiritsa ntchito onse, monga model ya User, zikhale mu app yaikulu. Chida cha Deptrac chitha kuletsa khodi yodumpha malire isanalowe mu nthambi yaikulu ya Git.

Kwa timu ya anthu angapo, kapena ogulitsa pulogalamu imodzi kwa makasitomala ofuna zigawo zosiyana, phukusili ndi loyenera ndithu. Ngati muli nokha ndipo ma controller safika 20, mafoda wamba mkati mwa app akukwanirani. Ndipo ngati cholinga nkugwiritsa ntchito khodi yomweyo m'mapulojekiti ena, pangani phukusi lenileni la Composer, mulilumikize ndi path repository (njira yoikira phukusi kuchokera mu foda ya pa kompyuta yanu) pomwe mukulilemba.