Seva ndi yabwino, koma werengerani nokha musanalipire

Ndimaphunzitsa pa intaneti pompopompo, ndipo kwa miyezi ingapo tsopano ndikugwiritsa ntchito seva (kompyuta yomwe imalandira kanema wanga n'kumutumiza kwa oonera) ya lendi ya kampani ina, ya liwiro la 1 Gbps ndi deta yokwana 2 TB pamwezi. Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Sevayo payokha ndilibe nayo mawu: sinazimepo phunziro lili mkati, ndipo kuilumikiza ndi OBS Studio, pulogalamu youlutsira kanema, sikunanditengere nthawi. Nyenyezi imodziyo ndachotsa chifukwa cha chowerengera mtengo chomwe anaika patsamba lawo.

Chowerengeracho chimangofunsa kuti kanema wanu ndi wa maola angati komanso adzaonedwa kangati pamwezi. Sichifunsa kuti anthu oonera nthawi imodzi adzakhala angati, chonsecho pagona nkhani ndi pomwepo. Kuchokera pa kompyuta yanu kanema amapita ku seva kamodzi kokha, kudzera pa njira yotumizira kanema yotchedwa RTMP. Seva imamudula timagawo ting'onoting'ono, njira yotchedwa HLS, n'kutumizira woonera aliyense payekhapayekha. Ine ndimaulutsa pa 720p (mlingo wa kaonekedwe ka kanema), pa liwiro la 3 Mbps kwa woonera aliyense. Akalowa anthu 200 nthawi imodzi, seva ikutulutsa 600 Mbps. Mukagawa 1 Gbps (yomwe ndi 1,000 Mbps) ndi 3 mupeza anthu oposa 330, koma musadalire chiwerengerocho. Mawu nawonso ali ndi gawo lawo, ndiponso mafoni sakoka timagawo tija mofanana, amakoka mwamphamvu kenako n'kupuma. Ine ndimati anthu akayandikira 250, ndafika pamalire.

Liwiro lili ngati kukula kwa paipi, pomwe deta ndi madzi onse odutsamo pamwezi, ndipo ziwirizi zimawerengedwa padera. Gawani 3 Mbps ndi 8 kuti mupeze ma MB a pa sekondi, muchulukitse ndi masekondi 3,600: munthu mmodzi akutha 1.35 GB pa ola. Anthu 200 kwa maola awiri ndi 540 GB. Maphunziro anayi otere akwana 2,160 GB, basi 2 TB ija yatha mwezi usanathe. Yopitirira amalipiritsa pa GB iliyonse, ndipo imelo yochenjeza imafika deta itatsala pang'ono kwambiri. Zimenezi zimandipweteka chifukwa ambiri obwereka maseva ngati awa ndi aphunzitsi ndi timagulu ting'onoting'ono tokhala ndi ndalama zowerengeka.

Chomwe ndimakonda kwambiri ndi chithunzi choonetsa mmene deta ikutulukira. Phunziro likangoyamba, mzere wake umakwera mofulumira m'mphindi khumi zoyambirira, kenako n'kukhazikika. Tsiku lina unafika pafupi ndi pamwamba, ndipo nthawi yomweyo ophunzira anayamba kulemba kuti kanema akudukaduka, kachizindikiro kaja kakungozungulira pakati pa sikirini. Nditawalembera othandiza makasitomala, anandiyankha tsiku lomwelo, mwaulemu komanso momveka. Anandilangiza kuti pambali pa 720p ndiwonjezere 480p ya pafupifupi 1 Mbps, kuti omwe netiweki yawo ndi yofooka azitsikira okha pamenepo. Zinathandiza kwambiri, mzere uja unatsika. Dziwani chabe kuti kusintha kanema kukhala mitundu iwiri kumalemetsa purosesa ya seva, choncho musasankhe yaing'ono kwambiri.

Kuchedwa kulipo. Zomwe ndalankhula zimawafika ophunzira patapita masekondi pafupifupi 20, koma umenewo ndi mkhalidwe wa HLS, si vuto la kampaniyi. Mafunso ndimawayankha kumapeto.

Ngati oonera anu sapitirira 200 nthawi imodzi ndipo maphunziro a maola awiri sapitirira atatu pamwezi, sevayi ikukwanirani. Ngati mukuyembekezera anthu masauzande, seva imodzi singathe, mudzafunika CDN (gulu la maseva ambiri ogawana ntchito yotumiza kanema), ndipo kumeneko mtengo umayendera deta yotuluka. Kwa eni kampaniyi ndikupempha kuti muwonjezere funso la oonera nthawi imodzi pa chowerengera chanu, ndipo chenjezo lizibwera deta ikangofika theka.