Tiyi wa pu-erh: sheng wokhalitsa kapena shou?

Anthu amasokoneza awiriwa, sheng ndi shou, poti onse ndi tiyi wa pu-erh wochokera ku Yunnan, chigawo cha ku China, onse kawirikawiri amabwera othinidwa ngati chikondamoyo cha magalamu 357, koma mkamwa ngosiyana kutalitali. Shou uja masamba amawaunjika mulu, kuwanyowetsa nkuwafunditsa kuti apse msanga, njira yomwe inayambira ku Kunming, likulu la Yunnan, mu 1973. Amatuluka wakuda bii, woterera pakhosi, fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa, ndipo sawawa olo umuiwale mu tipoti.

Koma sheng, uja saunjikidwa mulu koma amangosiyidwa kuti akhwime yekha pang'onopang'ono, akagona zaka 15 kapena 20, eee ine mtima wanga uli kumeneko. Akadali watsopano amawawa nkumanga lilime ngati nthochi yosapsa, zaka zikamapita madzi ake amafiirira, kafungo ka thabwa lakale, zipatso zouma, kauchi pang'ono, ndiye ukameza kutsekemera kumabwerera kukhosi patapita kamphindi. Wosungidwa ku Hong Kong kwachinyontho amakhwima msanga kuposa wa ku Kunming kouma, ine ndimakonda wa kouma, fungo lake ndi loyera.

Popanga benthulani magalamu 6, thirani madzi obwata, oyambawo tayani, kenako masekondi 10 basi nkutsanula. Masamba omwewo amapirira maulendo khumi kapena kuposa. Shuga ndi mkaka ayi chonde, mumupha.